Kugula Madzi ku Mtsinje wa Alamu

Apongozi ake a Lanfen anatsirizika m'mawa, phala la mpunga likadali pamoto. Thupi lisanazizire n'komwe, Guizhi anali ataima kale pakhomo la chipinda cha Lanfen, maso akuyenda khoma ili ndi ilo ngati munthu woyeza nsalu pamsika.

"Mumalowa chinyontho muno?" anafunsa.

Lanfen anali akumanga thewera mwana wake Suyin pabedi. Sanadzutse mutu.

"Mukufuna muzigona muno, alamu?"

"Ndangofunsa. Manyumwa sagwirizana ndi chinyontho."

"Amayi sanawatseke ndi maso omwe."

"Ndiye ndati utuluke lero ngati? Maliro apite kaye. Kwanu kuli anthu, sunagwe kumwamba iwe."

Guizhi anali mkazi wa Kun, mwana woyamba wa malemu. Lanfen anakwatiwa ndi wamng'ono, Hai, amene anakumana naye kufakitale ya nsapato atasiyira sukulu panjira. Hai anamwalira atagwa pa nyumba yosanja imene ankamanga kutauni Suyin akadali m'mimba. Kuchokera pamenepo Lanfen anakhala m'nyumba ya a Rao, banja la mwamuna wake, ngati mphika wobwereka. Koma poti apongozi anafa ziwalo mbali imodzi ndipo pankafunika munthu wowatembenuza, kuwapukuta ndi kuwadyetsa ndi supuni, panalibe anatchulapo zoti mphikawo ubwerere kwa eni. Lero ntchito ija inali itatha. Kwawo kwa Lanfen kumene Guizhi ankanenako kunatsala mchimwene wake ndi mkazi wake ndi ana m'zipinda ziwiri, phiri likugumukira kuseri kwa nyumba mvula iliyonse.

M'mudzi wa a Rao munthu akamwalira sasambitsidwa ndi madzi a pampopi. Mwana wamwamuna woyamba amatenga kambiya kadothi, amapita padooko, amaponya makobidi mumtsinje, n'kutunga kamodzi motsata kumene madzi akulowera. Kumeneko ndiko kugula madzi. Ndipo mawu otsatira pamenepo amawadziwa ngakhale mwana: dzanja logwira kambiya ndilo ligwira kiyi. Ana aamuna akakhala awiri, wamng'ono amagwirako m'mphepete pobwerera, kuti mudzi uone kuti nyumbayo ili ndi nthambi ziwiri. Hai akanakhalapo akanagwira. Koma Hai anali kuphiri pansi pa mwala, ndipo anasiya kamtsikana ka mano ongotuluka kumene. Mwana wamkazi sanaitanidwepo pa kambiya chiyambire. Kun akapita yekha n'kubwera yekha, chipinda cha Lanfen chisanduka nkhokwe ya manyumwa.

Lanfen anabereka mwana natuluka pabwalo. Amayi a m'mudzi anali atayamba kale kung'amba nsalu zoyera ndi kusosola nkhuku. Lanfen anatenga mpeni kuti adule tofu, ndiwo yopangidwa ndi soya, koma Guizhi anamukokera beseni kutali.

"Wasamba m'manja?"

"Ndasamba."

"Zikhadabozo bwanji zili choncho? Madzi saiwala khwawa. Wa ku Chigwa Chofiira ngakhale umupatse sopo wochuluka bwanji, sayera."

Amayi ena anaseka chapansipansi. Kuseka pamaliro n'kosaloledwa, koma kuseka munthu wa ku Chigwa Chofiira sikuwerengedwa.

Mtsinje wa Alamu umayamba ngati timitsinje tiwiri. Woyera umatsika kumpoto, kuphiri la nsungwi, ukuyenda pamiyala, moti khobidi likagwamo umaliona. Kumeneko ndiko kwawo kwa Guizhi. Wofiira umachokera kum'mawa, kumapiri a dothi lakatondo amene anang'ambika kalekale ndipo sanapole, ku Chigwa Chofiira, kwawo kwa Lanfen. Awiriwa amakumana pansi pa mlatho wamiyala kumutu kwa mudzi, koma kukumana si kugwirizana. Amayenda m'khwawa limodzi, woyera mbali ya mudzi, wofiira tsidya linalo, mzere pakati ngati wolembedwa ndi mpeni. Amadutsa dooko choncho, amadutsa minda choncho, mpaka Pakhosi, pamene mapiri awiri amawapanikiza n'kuwasakaniza mokakamiza asanakathire mumtsinje waukulu wopita kunyanja.

"Ngakhale mtsinje womwewu ukuchitira umboni," anatero Guizhi, akuyang'ana amayi aja osati Lanfen. "Kalekale mkazi wina wamng'ono ankachapa nsanza zake zonyansa kumtunda kwa pamene mlamu wake wamkulu ankatunga. Kumuuza, osamva. Wamkuluyo analira mpaka kumwamba kunamva, madzi n'kupatukana. Dzina lija linabwera choncho. Wauve mbali yake, waukhondo mbali yake."

"Kwathu sitinena choncho," anatero Lanfen.

"Kwanu mumanena chiyani choti munthu n'kumvera?"

"Timati wamkuluyo ankafuna nyumba ya njerwa. Anatuma wamng'ono kukakumba dothi kuphiri, kudula mitengo yonse yowotchera, mpaka manja anachucha magazi, phiri n'kugumuka. Nyumba itatha anamuuza kuti akagone kwawo. Kufiirako ndi dothi la njerwa za mlamu wake."

Mayi wina amene anali ndi nkhuku pamwendo anatsokomola. Guizhi anaika mpeni pansi.

"Ukunena ine?"

"Ndikunena mtsinje, alamu. Mwayamba ndinu."

Zikanafika patali pakanapanda kulowa aChisanu. Awa anali mng'ono wawo wa malemu apongozi aamuna, wachisanu kubadwa, ndipo ndiwo ankayendetsa maliro onse m'mudzimo. Khutu limodzi linafa ndi ng'oma yamkuwa imene ankaimba okha, ndudu siinkachoka pakamwa, ndipo chimene ankadana nacho kwambiri chinali maliro ochedwa nyengo yotentha. Pambuyo pawo panali Kun, atavala kale chiguduli choyera, chingwe chaudzu chitamangidwa pansi pa mimba chifukwa pamwamba sichinakwane.

"Mwana wako ali kuti?" aChisanu anafunsa Kun.

"Ali pasitima ya katundu, pakati pa nyanja. Foni sikugwira."

"Basi upita wekha. Opanda nsapato. Ukatunga kamodzi. Kambiya sikakhudza pansi, sikatayika, ndipo sikagwiridwa ndi munthu amene sanatuluke m'mimba mwa malemu, kaya iye kaya kholo lake. Wamva? Tiyeni dzuwa lisanakwere, mayi ako sadikira."

Apa Lanfen anatsegula pakamwa. Kunena zoona sanatsegule kwambiri, koma anatsegula.

"Alamu, padooko paja masiku ano..."

"Akukamba ndi amuna," anatero Guizhi.

"Iwe tsala uyang'ane moto," anatero Kun, osamuyang'ana n'komwe. "Ndipo mwanayo asalire pamene tikutuluka."

Lanfen anatseka pakamwa. Anali atanena, ndipo anthu anamva kuti ananena.

Zimene ankafuna kunena zinali izi. Chaka chatha Kun ndi alongo ake a Guizhi anamanga khoma lasimenti pa Woyera, kumtunda kwa mlatho, n'kuika mapaipi opita kuminda yawo ya manyumwa. Chaka chino mvula inachedwa. Woyera anatsala kaulusi, Wofiira n'kutenga khwawa lonse, madzi n'kuthawa masitepe a padooko kusiya matope. Pamwamba matopewo anauma n'kung'aluka ngati nkhoko za mpunga pansi pa mphika, moti munthu woyang'ana ali pamlatho ankaona ngati bwalo. Pansi pake panali phala. M'mudzi wonse ndi Lanfen yekha ankapitabe padooko, chifukwa Guizhi analetsa kuti matewera a mwana ndi nsalu zoipitsidwa za apongozi zichapidwe pampopi wa pabwalo. Tsiku loyamba matopewo anamumeza mpaka m'mawondo n'kumulanda nsapato imodzi. Kuyambira pamenepo ankasunga matabwa awiri m'bango pafupi ndi masitepe, amene anawazula pakhola la nkhumba lakugwa.

Makombola ataphulika pachipata, gulu linanyamuka. AChisanu patsogolo ndi ng'oma yawo, Kun ndi kambiya, amuna, kenaka amayi olira. Lanfen anayang'ana moto. Unali bwino. Anatsitsa Suyin kumsana, namumanga pachifuwa, mbereko ataikulunga kawiri n'kumanga mfundo imene munthu wina sangamasule popanda mpeni. Kenaka anatsatira pambuyo pa onse.

Atafika padooko kulira kwa amayi kunazilala kokha. Masitepe anatsika n'kuthera pouma, ndipo madzi anali uko, ofiira ngati msuzi wa tsabola, kuyambira gombe lino mpaka tsidya.

"Madzi ake amenewa?" anatero Guizhi. "Ayi. Amayi sangasambe zimenezi. Tiyeni kumtunda kwa mlatho, kuli oyera."

"Ati chiyani?" aChisanu anatembenuza khutu lamoyo.

"Ndati tipite kumtunda."

"Kumtunda ndi dooko la eni. Agogo ake a mwamuna wakoyu anagula pano, bambo ake a uyu anagulidwira pano. Mtsinje sugulitsa pakhomo la wina. Madzi oyera munawapititsa kumanyumwa nokha, kapena mukufuna tikasambitse malemu ndi manyumwa? Kun, tsika."

Kun anatsika. Nkhoko ija inamunyamula poyamba, ikulira pansi pa mapazi ake oyera osazolowera dothi. Anafika m'mphepete mwa madzi, anaponya makobidi, ng'oma inalira. Anawerama, anatunga motsata madzi monga anauzidwira, nadzuka ndi kambiya kodzaza m'manja onse awiri. Potembenuka ndi pamene pansi panatseguka. Mwendo wamanja unalowa mpaka bondo. Anaponda ndi wamanzere kuti adzizule, nawonso unapita. Anagwedezeka uku ndi uku ngati ng'ombe m'dambo, ndipo kugwedezeka kulikonse kunkamutsitsa. Pamene anasiya, matope anali m'ntchafu, kambiya atakakweza pachifuwa, madzi akuvina m'kamwa mwake.

"Usatayetu," anatero aChisanu.

"Ndikudziwa zimenezo, bambo aang'ono. Nditulutseni."

Bambo wina anabwera ndi nsungwi yaitali n'kuitambasulira kwa Kun.

"Gwirani, aKun."

"Ndigwire ndi mano?"

Wina anayesa kuyenda pankhoko ija, inamuthyokera atangoponda kachiwiri, anabwerera chokwawa akutukwana. Wina anati amuponyere chingwe m'chiuno amukoke, aChisanu n'kufunsa ngati munthu wokokedwa ndi chingwe amabwera chilili kapena chagada.

"Angotaya amenewo," anatero Guizhi. "Ndi matope okhaokha. Atuluke, atungenso pabwino."

"Mtsinje sugulitsa kawiri. Akataya, mayi ake apita ndi litsiro lawo, ndipo mudzi uno udzakamba mpaka zidzukulu."

"Ndiye ndikalandire ine."

"Iwe unatuluka m'mimba mwa malemu liti?"

"Nanga inuyo?"

"Ine ndine mlamu chabe. Ndikakhudza ndiye ndaononga." AChisanu anayatsa ndudu ina ndi yakale. "Pakufunika magazi awo. Mwana kapena mdzukulu."

Ndiye umodzi ndi umodzi mitu inayamba kutembenuka.

Lanfen anali atakhala pa sitepe yapamwamba, mumthunzi wa mtengo, akuyamwitsa. Matabwa awiri aja anali atawatulutsa kale m'bango n'kuwagoneka pamapazi ake.

Guizhi anakwera masitepe, chiguduli chikukwekwereza.

"Iwe unkadziwa."

"Ndinayamba kunena. Munati akukamba ndi amuna."

"Mfiti iwe. Bweretsa matabwawo."

"Tengani. Ndi a khola la nkhumba, sindiwamana munthu. Mukafika uko mukalandira ndinu?"

Guizhi anayang'ana matabwa, anayang'ana mwamuna wake, kenaka maso ake anatera pa mwana. Anatambasula manja.

"Ndipatse mwanayo. Ndimunyamula ine."

"Mumudziwa dzina?"

"Usandichedwetse. Masula."

"Masulani nokha ngati mungathe."

Guizhi anagwira mfundo ija n'kukoka. Suyin, amene chibadwire sanakhalepo m'manja mwa mayi ameneyu, anasiya bere n'kukuwa, miyendo ikupalasa. Lanfen sanakankhe munthu, sanakweze mawu, anangokumbatira mwana wake n'kukhala ngati mwala.

"Ulibe mphamvu yomukaniza," anatero Guizhi. "Mwana ameneyu si wa ku Chigwa Chofiira. Ndi wa Rao. Ndi magazi a m'nyumba muno."

"Bwerezani, alamu. AChisanu ali ndi khutu limodzi."

Guizhi anasiya mfundo ija ngati yamuwotcha. Amayi amene anaseka pabwalo aja tsopano anali kuyang'ana zala zawo za kumapazi.

Dzuwa linali litakwera. Kumatope kuja thukuta linkatsika m'maso mwa Kun ndipo analibe dzanja lopukutira. Ntchentche zinamupeza. Mikono yake, imene ntchito yake inali kuloza antchito m'munda ndi kugwira chiwongolero cha galimoto, inayamba kunjenjemera, ndipo kambiya kanatsika kuchoka pachifuwa kufika pamimba.

"Iwe," anaitana. "Tabwera naye mwanayo."

Lanfen anasinthira Suyin kubere linalo.

"Lanfen."

"Munati ndiyang'ane moto."

"Ino si nthawi yake. Amenewa ndi amayi ako nawenso. Ulibe chisoni?"

"Chisoni ndinachichapa padooko pompano, m'mawa uliwonse, inu muli mtulo. Amayi andidikira. Anazolowera kudikira ine, palibe wina ankabwera."

Wina mwa amuna anati mkazi ameneyu ngwouma mtima, wina anati angomulanda mwanayo. Koma palibe anasuntha, poti kulanda mwana pabere pamaso pa mudzi, tsiku la maliro, ndi nkhani inanso yokambidwa mpaka zidzukulu. AChisanu ankangosuta, akuyang'ana dzuwa ndi diso limodzi.

"Mayi a Suyin," anatero Kun. Mawu anatuluka ngati akuzulidwa ndi mano. "Chonde bwerani."

"Ndibwere ndi ndani?"

"Ndi mwana."

"Mwana wa yani?"

"Wa Hai. Wa mng'ono wanga."

"Akudzatani kumatopeko mwana wamkazi?"

Kun anatseka maso. Madzi anatayikira pang'ono pachala chake chachikulu, amayi n'kupuma mokweza onse pamodzi.

"Adzagwire kambiya ka agogo ake."

"M'malo mwa ndani?"

"M'malo mwa bambo ake. Nthambi ya Hai. Mwamva nonse, nthambi ya Hai. Tsopano bwerani, manja akufa."

Lanfen anayang'ana aChisanu. Mkuluyo anachotsa ndudu pakamwa, analavula kafodya, nakweza ndodo n'kumenya ng'oma kamodzi. Kulira kwake kunawoloka mtsinje n'kubwerako.

"Khutu ili lamva," anatero.

Pamenepo Lanfen anabweza bere m'malaya, anapinda buluku mpaka m'mawondo, natsika ndi matabwa ake. Anagoneka limodzi pankhoko, anayenda chogwada mpaka kumapeto, anakoka linalo n'kuliika patsogolo, monga ankachitira m'mawa uliwonse ndi beseni pamutu. Sanafulumire. Atafika pamaso pa Kun anamva fungo la thukuta lake ndi la mowa wa dzulo. Chikhalire m'nyumba imodzi anali asanayang'anepo mlamu wakeyo pafupi chotero. Maso ake anali ofanana ndi a Hai, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa koposa.

"Udzandiona," ananong'ona Kun.

"Ndizikuonani tsiku ndi tsiku, alamu. Tili khomo limodzi."

Anatenga timanja ta Suyin n'kutiika mbali ziwiri za kambiya, manja ake n'kuwaika pamwamba pa ta mwanayo.

"Akukhudza iyeyo," anakuwa Guizhi ali pagombe. "Taonani, zala zake zikukhudza."

"Manja a mayi ndi mbereko chabe," anatero aChisanu. "Kapena ukufuna mwamuna wako agone momwemo?"

Kun anasiya. Kambiya kanali kolemera kuposa mmene kankaonekera, kofunda ndi manja a mwini. Suyin anasuzumiramo, anaona nkhope yake m'madzi ofiirawo, nafuna kumwa. Lanfen anamutchinga ndi chibwano. Kubwerera kunali kovuta chifukwa analibe dzanja losunthira matabwa, koma tsopano amuna anali ataona kachitidwe kake, ndipo anathamangira kukazula zitseko za makola n'kuziyala mpaka pamene iye anali. Anadutsa pazitsekozo chogwada, mwana ndi kambiya pachifuwa, nafika pa sitepe yoyamba popanda dontho kugwa. Kun anamuzula amuna angapo, matope akulira ngati akukana kubweza chimene anameza. Anatuluka wofiira kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi.

Atapuma anabwera kwa Lanfen n'kutambasula manja. Anthu anadikira kuti aone ngati mkaziyo akaniza. Lanfen anaganizapo. Akanatha kuyenda nako yekha mpaka kunyumba, Kun akutsatira m'mbuyo ngati mbuzi yogulidwa. Koma munthu amene wachititsidwa manyazi mopyola amagona akunola mpeni, ndipo iye sankafuna nyumba yonse yoti azisesa. Ankafuna chitseko chake.

"Tengani," anatero. "Woyamba ndinu. Koma dzanja ili silichoka."

Anayenda choncho kudutsa m'mudzi, phewa ndi phewa, Kun atanyamula, kadzanja ka Suyin katagwira m'mphepete, dzanja la amake litakapanikiza pomwepo. Anthu anatuluka m'makomo kudzaonerera. Amene anali asanamve anafunsa kuti kamwana aka n'ka yani, ena n'kuwayankha. Lanfen ankamva dzina la Hai likudumpha khomo ndi khomo, dzina limene m'nyumba ya a Rao linali litasiya kutchulidwa. Kun ndi iye sanayang'anane njira yonse.

M'chipinda cha makolo malemu anali atagonekedwa pathabwa, lubani akufuka kumapazi. Amuna anatuluka, poti mayi amasambitsidwa ndi akazi a ana ake. Guizhi anayang'ana m'kambiya n'kukwinya mphuno.

"Tidikire adikhe. Kapena tithireko a pampopi pang'ono, aona ndani?"

"Ndiona ine," anatero Lanfen. "Yambani, ndinu wamkulu."

Guizhi anaviika kansalu ndi nsonga za zala, anapukuta pamphumi pa malemu mwamsangamsanga, nkhope atayang'ana kukhoma. Pamphumipo panatsala mzere wofiira. Anaponya kansaluko m'manja mwa Lanfen n'kukaima pazenera.

Lanfen anasambitsa zotsala. Thupi limeneli ankalidziwa kuposa lake: chilonda cha pamsana chimene sichinkapola, chala chopindika, dzanja lamoyo lija limene mayiyo ankamutsina nalo akachedwa ndi phala. Sanali mayi wokoma mtima. Pakamwa pasanafe, ndiwo ankatsogolera kumunena Lanfen za zikhadabo ndi za kwawo. Komatu iwo eni anabadwira ku Chigwa Chofiira komweko, khomo loyang'anana ndi la agogo ake a Lanfen. Anabwera m'mudzi muno ali mtsikana n'kukhala moyo wonse akutsuka chiyankhulo chawo ndi zidendene zawo kuti anthu aiwale. Anthu anaiwaladi, kapena anachita ngati aiwala. Tsopano madzi a kwawo anawalowa m'makwinya a m'khosi ndi m'mizere ya m'manja, n'kuuma momwemo. Lanfen sanapukute. Anawaveka zovala zawo zatsopano pamwamba pa dothilo.

Pachingwe cha m'chiuno mwa malemu panali makiyi a nyumba yonse. Guizhi anatembenuka atamva kulira kwake. Lanfen anamasula chingwecho, anasankha kiyi imodzi yaing'ono yadzimbiri, ya chipinda chake, naiika m'malaya pamodzi ndi bere. Otsalawo anawaika pathabwa.

"Enawo ndi anu."

"Usaganize kuti wapambana," anatero Guizhi. "Ukhala, koma udzalakalaka ukanapita."

"Ndalakalaka kale zambiri. Sizipha."

Maliro atapita kuphiri ndipo alendo atabalalika, Kun anabwera ndi njerwa pagalimoto. Anamanga khoma pakati pa khitchini, mbaula n'kutsalira mbali yake. Guizhi anagula loko n'kutseka mpopi. Matabwa awiri aja anapezeka atawazidwa nkhuni. Lanfen sanapite kukadandaula kwa aChisanu. Anatola njerwa zotsala pa khomalo, anakanda dothi la padooko, anamanga mbaula yake pansi pa zenera, utsi wake n'kumatulukira kumene Guizhi amayanika zovala. Anazulanso matabwa ena pakhola lija.

Manyumwa atapsa anabwera ambiri chaka chimenecho, poti anamwa mtsinje wathunthu. Anadzaza chipinda cha malemu, anadzaza pakhonde, ena anaunjikidwa pabwalo n'kufunditsidwa lona. M'mawa wina Lanfen anatuluka ndi beseni la matewera pamutu, Suyin kumsana, napeza Guizhi atawerama pamuluwo akusankha owola n'kumaponya kumbali. Anatseka chitseko chake, anakhoma, anayesa loko kawiri kuti amveke.

"Alamu," anatero, "munafunsa tsiku lija, sindinakuyankheni. Mumalowa chinyontho m'chipinda muja. Kwambiri."

Guizhi sanadzutse mutu. Linyumwa lowola linagwa pafupi ndi phazi la Lanfen n'kuphulika. Iye analilumpha, natsikira kudooko.